Ndimawerengera Chikondicho, Zinjoka Zimangoperekeza

Sabata yatha ndinanama, ndipo bodza lakelo landikhala pakhosi mpaka lero.

Tinali pakhonde la laibulale kudikira kuti mvula ikate. Ine maso anali pa foni, ndikuwerenga kachiwiri Fourth Wing, buku la Rebecca Yarros. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, munthu wowerenga kwambiri amene ndimamupatsa ulemu, anasuzumira n'kundifunsa, "Iwe, n'chiyani chimenechi chakuiwalitsa kuti mawa kuli mayeso?" Nditamuuza anaseka. "Aa, timabuku ta atsikana tija? Muli nkhani m'menemo? Si kungoyang'anana m'maso kuyambira peji yoyamba mpaka yomaliza, zinjoka zili kumbali kuonerera?"

Ndinayankha msangamsanga ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika: "Ayi, ine ndimakonda za nkhondozo ndi zinjoka. Zachikondizo ndimangodumpha."

Sindidumpha. Ngati pali zimene ndimadumpha, ndi masamba ofotokoza kumene malire a dziko la Navarre athera ndi mayina a akuluakulu a asilikali amene mawa lake ndimakhala nditawaiwala. Ndikatsegula buku limeneli ndimafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi za Violet ndi Xaden zithera pati? Lero ndikufuna kubweza bodza lija, ndi kufotokoza chifukwa chake sindikuonanso chochititsa manyazi pa kawerengedwe kotere.

Kwa inu amene simunawaonepo, mabuku amenewa pa Chingerezi akuwatchula kuti romantasy, dzina lophatikiza mawu awiri, romance ndi fantasy. Nkhani zake zimachitikira m'maiko ongopeka, mmene muli matsenga, mafumu, zinjoka ndi zolengedwa zina zimene kulibe, koma mtima wa nkhaniyo umakhala pa anthu awiri amene akukondana, kapena amene akuyesetsa kuti asakondane koma zikuwakanika. Mayina awiri ndiwo amamveka kwambiri. Sarah J. Maas anatulutsa A Court of Thorns and Roses mu 2015, nkhani ya Feyre, mtsikana wosaka nyama amene anapha mmbulu umene sunali mmbulu wamba, n'kutengedwa kupita kudziko la zolengedwa zamatsenga zotchedwa fae kukalipira mlanduwo. Rebecca Yarros anatulutsa Fourth Wing mu 2023, nkhani ya Violet Sorrengail, amene anakonzekera kukhala mlembi koma mayi ake anamukakamiza kulowa gulu la asilikali okwera zinjoka pasukulu ya nkhondo ya Basgiath. Amene anawafalitsa kwambiri mabukuwa ndi owerenga a pa TikTok, gulu lodziwika kuti BookTok. Buku lachitatu la nkhani ya Violet, Onyx Storm, litatuluka mu Januwale 2025, anthu anagula makope oposa 2.7 miliyoni m'sabata yoyamba yokha.

Kugulidwa kwambiri sikutanthauza kuti buku ndi labwino, ndipo mlandu umene mnzanga uja amawaimba mabukuwa si wabodza wonse. Ndiuyale bwinobwino monga mwiniwake akanauyalira. Iye amati m'buku la fantasy lenileni dziko lopekalo limayenera kuima palokha: likhale ndi mbiri yake, malamulo a matsenga ake asamasinthesinthe, nkhondo ikhale ndi chifukwa chomveka. Mu romantasy, zonsezi zimaoneka ngati nsalu yokongoletsera kumbuyo kwa anthu ojambulitsa chithunzi. Ndipo zitsanzo zilipo. M'buku loyamba la Maas, mfumukazi yankhanza Amarantha imapatsa Feyre mwambi woti akaumasulira aliyense amasulidwa, ndipo Feyre amavutika nawo kwa miyezi, pamene wowerenga aliyense amakhala atadziwa kale yankho lake atangoumva. Mu Fourth Wing, sukulu imene ikufuna asilikali ambiri oteteza dziko imalola ophunzira ake kuphana okhaokha, ndipo tsiku loyamba lenilenilo imawaolotsa pa kamlatho kopapatiza kamiyala pamene ena amagwa n'kufa. Mukaziganizira mofatsa, dziko limene lili pa nkhondo silingawononge anthu ake chonchi. Zonsezi ndikuvomera.

Chimene ndikukana ndi mawu akuti mabukuwa alibe nkhani. Ku sekondale anatiphunzitsa kuti tsatanetsatane wa nkhani ndi mndandanda wa zochitika, ndipo ambiri tinachoka kumeneko tikuganiza kuti zochitika ndi nkhondo, imfa, ulendo, kuba ndi kugwidwa. Koma E. M. Forster, m'buku lake la 1927 lotchedwa Aspects of the Novel, anasiyanitsa zinthu ziwiri. Kungondandalika zimene zinachitika motsatana ndi chinthu china. Tsatanetsatane weniweni amayamba pamene mwasonyeza kuti ichi chinachitika chifukwa cha icho. Ndipo chitsanzo chimene anapereka sichinali cha nkhondo ayi. Chinali cha mfumukazi imene inamwalira chifukwa cha chisoni mfumu itamwalira. Ndiye kuti ngakhale kwa mphunzitsi wamkulu wa kalembedwe ka mabuku ameneyu, zochitika mumtima mwa munthu ndizo zimamangirira nkhani pamodzi.

Tiyeni tiyese Fourth Wing ndi muyeso umenewu. Bambo ake a Xaden anatsogolera gulu loukira boma, ndipo anaphedwa pamodzi ndi atsogoleri ena, mayi ake a Violet, amene ndi mkulu wa asilikali, ali ndi dzanja pa imfa imeneyo. Violet naye akukhulupirira kuti mchimwene wake anafera m'manja mwa bambo ake a Xaden. Ana a oukirawo anakakamizidwa kulowa gulu la okwera zinjoka, kumene ambiri sapulumuka. Ndiye anthu awiriwa ali ndi zifukwa zenizeni zodanirana. Kenako chinjoka chimene chasankha Violet chimapezeka kuti ndi chachimuna cha chinjoka cha Xaden, ndipo moyo wa wina wamangiririka ku moyo wa mnzake. Kuyambira pamenepo funso lililonse la m'bukuli likudutsa pa awiriwa. Kodi Violet angakhulupirire munthu amene ali ndi chifukwa chomuphera? Kodi zimene boma lake linamuphunzitsa za nkhondoyi ndi zoona, pamene munthu amene wayamba kumukonda akuoneka kuti akudziwa zina? Akasankha kukhulupirira Xaden, ndiye kuti wakayikira mayi ake omubereka. Chotsani chikondicho, nkhondo yonseyo isanduka phokoso chabe. Chikondicho ndicho tsatanetsatane wa nkhaniyo. Pamene ndikuwerenga kuti ndione ngati awiriwa akhulupirirana, ndikutsata nkhani imene wolembayo analemba.

Palinso maganizo akuti chikondi ndi mlendo amene walowerera m'nyumba ya fantasy posachedwapa n'kuyamba kusuntha mipando. Mbiri ikunena zina. Mawu akuti romance poyamba sankatanthauza nkhani ya chibwenzi. Ankatanthauza nkhani zolembedwa m'zilankhulo za anthu wamba monga Chifalansa chakale m'malo mwa Chilatini, nkhani za ankhondo okwera pa akavalo, matsenga ndi maulendo oopsa. Chrétien de Troyes, amene analemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, anasimba za Lancelot amene akupita kukapulumutsa mfumukazi Guinevere. M'njira akuyenera kukwera ngolo yonyamulira anthu olakwa, chinthu chochotsa ulemu kwa msilikali, ndipo akuzengereza pang'ono asanakwere. Atadutsa zoopsa zonse, kuphatikizapo kuoloka mlatho umene ndi lupanga, mfumukaziyo ikumulandira mozizira chifukwa cha kuzengereza kuja. Tandiuzani ngati imeneyi si romantasy. Mwamuna wawoloka pa lupanga, koma mlandu waukulu ndi wakuti anaganiza kawiri.

Ngakhale J. R. R. Tolkien, amene mnzanga uja amamutchula ngati kholo la fantasy yeniyeni, sanathawe zimenezi. The Lord of the Rings inatuluka mu 1954 ndi 1955, ndipo nkhani yonse ya chikondi cha Aragorn ndi Arwen anaiika kumapeto, m'gawo la zowonjezera, buku lenileni litatha. Koma pitani ku manda a Wolvercote ku Oxford, kumene anaikidwa pamodzi ndi mkazi wake Edith. Pa mwala wa manda awo, pansi pa dzina la Edith panalembedwa Lúthien, pansi pa dzina lake panalembedwa Beren, mayina a okondana awiri a m'nkhani zake zopeka. Munthu amene anapeka zilankhulo, mapu ndi mibadwo ya mafumu sanasankhe dzina la nkhondo kapena la ufumu kuti limuperekeze kumanda. Olemba romantasy angotenga chimene Tolkien anaika kumapeto n'kuchiika kutsogolo, ndipo mapu ndi mibadwo ya mafumu azikankhira kumbuyo. Mungakonde kaikidwe kena kuposa kena, koma zonse ndi za banja limodzi.

Wina angafunse kuti, ngati ukufuna nkhani ya chikondi, zinjokazo n'zachiyani? Bwanji osangowerenga za anthu awiri okumana mu ofesi? Yankho langa ndi lakuti matsenga amatulutsira kunja zinthu zimene m'moyo weniweni zimabisala mumtima. Tonse timadziwa mmene zimakhalira kumangiririka kwa munthu amene sukufuna kumufuna. Mu Fourth Wing chimenechi chimasanduka lamulo looneka: wina akafa, mnzake ali pangozi. Violet ali ndi thupi losalimba, mfundo za mafupa ake zimaguluka msanga, ndipo Yarros mwiniwake ali ndi matenda a Ehlers-Danlos amene amachititsa zotere. M'dziko limene ofooka amafa, funso lakuti kodi munthu uyu amandiona ngati wosweka woyenera kusungidwa m'kabati kapena ngati munthu wotha kuima yekha limakhala funso la moyo ndi imfa. Mnzake wa kuubwana amangofuna kumuthawitsa. Xaden amamuthandiza kupeza njira yomenyera nkhondo ndi thupi limene ali nalolo. Kusiyana kumeneku ndikumene kumasankhitsa mtima wake, ndipo wowerenga amakuona ndi maso.

Chitsanzo chimene chinandigwira kwambiri chili m'buku lachiwiri la Maas, A Court of Mist and Fury, la 2016. Amene simunawerenge mundikhululukire, ndiulula pang'ono. Buku loyamba limatha Feyre atapulumutsa Tamlin, mwamuna amene amamukonda. Lachiwiri limayamba iye akuvutika ndi maloto oipa, akuwonda, ndipo Tamlin, poopa kumutaya, akumuletsa kutuluka, kumubisira zimene zikuchitika, mpaka kumutsekera m'nyumba ndi matsenga. Zonsezi akuchita m'dzina la chikondi. Feyre amachoka. Ndinawerenga zimenezi ndili ndi anzanga m'maganizo, amene zibwenzi zawo zimafuna pasiwedi ya foni, zimafunsa kuti wajambulitsa ndi ndani, zimakwiya akapita kokawerenga ndi gulu, ndipo pomaliza zimati ndimatero chifukwa ndimakukonda. Buku limene anthu amati ndi lopanda kanthu linatenga mwamuna amene linatikondetsa m'gawo loyamba n'kutisonyeza kuti chitetezo chikhoza kusanduka khola. Ndinaphunzirapo kanthu pamenepo kamene sindinakamve m'kalasi iliyonse.

Mlandu wina ndi wakuti mathero ake amadziwika kale: awiriwo adzakhala pamodzi basi. Zoona. Koma ndani amapita ku ukwati kuti akaone ngati mkwatibwi avomere? Tonse timadziwa kuti avomera, komabe timachita kusoketsa zovala, timafika m'mawa, ndipo ena amalira. Tili ana tinkadziwa kuti Kalulu apulumuka ndipo Fisi achita manyazi, koma sitinkasiya kuyankha kuti tili tonse. Chokoma chinali njira yake. Wowerenga romantasy safunsa kuti kodi, amafunsa kuti bwanji, liti, ndipo ataya chiyani kuti afike pamenepo. Mnyamata yemwe uja amene anandiseka amadzuka usiku kuonera mpira wa ku England, masewera a mphindi 90 amene malamulo ake sasintha ndipo mathero ake ndi atatu okha. Palibe amamufunsa kuti muli nkhani m'menemo. Timavomereza kuti chimene chimamukoka ndi anthu, mikangano yawo ndi mtima umene waikapo.

Pamenepa ndi pamene ndimakayikira kuti nkhaniyi ndi ya kalembedwe kokha. Mawu amene anagwiritsa ntchito anali akuti timabuku ta atsikana. Kunyoza kumeneku ndi kwakale. Kampani ya Mills & Boon inayamba ku London mu 1908, ndipo mabuku ake achikondi akhala akusekedwa kwa zaka zambiri uku akugulidwa ngati zitumbuwa. Azakhali anga amasimba mmene ankabisira mabuku amenewa ndi a Pacesetters m'kati mwa makope ali ku sekondale, buku limodzi likuzungulira hositelo yonse mpaka chikuto kuthothoka. Lero ndi anthu omwewo amene amafunsa chifukwa chake achinyamata sakuwerenga. Mu 1984 Janice Radway anatulutsa buku lotchedwa Reading the Romance, atacheza ndi amayi owerenga nkhani zachikondi m'tauni ina ku America. Anapeza kuti kwa ambiri, kutenga buku kunali njira yodzipatulira nthawi yawoyawo m'nyumba mmene tsiku lonse amatumikira ena. Radway sanangowayamikira mabukuwo. Anadandaulanso kuti nkhani zake zikhoza kumutonthoza mkazi kuti apirire zimene anayenera kuzikana. Koma anayamba wawafunsa owerengawo, chinthu chimene onyoza ambiri sachita.

Ine ndemwe ndili ndi madandaulo anga, ndipo kukonda chinthu sikundiletsa kuwanena. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amangokopera anzawo: mwamuna wamtali wa tsitsi lakuda, wokwiyakwiya, wa zaka mazana angapo, ndi mtsikana wa zaka 19 kapena 20 amene aliyense amamupeputsa. Ena amakometsa nsanje ndi nkhanza zomwe zija Maas anadzudzula, n'kuzitcha kukonda kwambiri. Nkhani yoti anthu awiri analengedwera wina ndi mnzake ndipo matsenga atsimikiza, imene Maas amaikonda, imandivuta, chifukwa imachotsa chinthu chokoma kwambiri m'chikondi, chimene ndi kusankha. Muli zithunzi za kuchipinda zolembedwa mosabisa, choncho awa ndi mabuku a akuluakulu, ndipo mng'ono wanga wa Folomu 2 sindingamubwereke. Komanso maiko ake pafupifupi onse amamangidwa ndi njerwa za nthano za ku Ulaya: nyumba zachifumu zamiyala, chipale chofewa, nkhalango za mitengo imene sindinaionepo. Nthawi zina ndimalakalaka wina atalemba nkhani yotere m'Chichewa, mtsikana atasochera pa phiri la Mulanje n'kudya chakudya cha mizimu, kapena mnyamata amene Napolo anamusiya wamoyo pa chifukwa chimene mudzi wonse ukuchiopa. Zipangizo tili nazo, ndipo owerenga nkhani zachikondi za pa Facebook aliko kale ambirimbiri.

Koma madandaulo onsewa ndi ofuna kuti romantasy ilembedwe bwino. Palibe limodzi lonena kuti isalembedwe kapena kuti woiwerenga abise foni. Mabuku a nkhondo olembedwa mwaulesi aliko ambiri, ndipo palibe amene amati chifukwa cha amenewo nkhani zonse za nkhondo ndi zachabe.

Chimene chili pachiswe kwa ine ndi kuwerenga kwenikweniko. Nditamaliza Folomu 4 ndinali nditasiya kuwerenga chilichonse chimene sichibwera pa mayeso. Chaka choyamba pa yunivesite chinangowonjezera: manotsi, mapepala a aphunzitsi, mabuku owerenga ndi pensulo m'manja. Ndinaiwala kuti munthu akhoza kutsegula buku chifukwa chongofuna kudziwa chimene chichitike. Amene anandikumbutsa ndi Feyre, usiku wina magetsi atazima, batire la foni lili pa 12 peresenti, ine ndikupemphera kuti lisathe chaputala chisanathe. Kuchokera pamenepo ndawerenga mabuku ambiri kuposa zaka zinayi za ku sekondale, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja mnzangayu amawalemekeza. Tolkien ndinamufikira kudzera pa khomo limeneli. Ndikanamvera manyazi, bwenzi nditatseka khomolo ndisanalowe.

Manyazi amenewa amawononga mwakachetechete. Mtsikana amene wasekedwa kamodzi sasiya romantasy n'kuyamba mabuku olemera. Kawirikawiri amangosiya kuwerenga, kapena amaphunzira kunama ngati mmene ndinachitira ine pakhonde paja. Ndipo akazolowera kunama pa zimene amakonda kuwerenga, sizitenga nthawi kuti ayambe kunama pa zimene amaganiza m'kalasi, kuyankha zimene akuona kuti anyamata anzeru aja agwedezera mutu.

Mayeso aja ndinalemba, ndipo sanandivute monga ndinkaopera. Mnzanga uja ndinakumana naye dzulo ku kantini, ndipo ndisanakhale pansi ndinamuuza kuti, "Aise, tsiku lija ndinakunamiza. Zachikondizo sindidumpha. Ndi zimene ndimawerengera." Anandiyang'ana kaye, kenako anafunsa kuti buku loyamba ndi liti. Ndamubwereka Fourth Wing, ndipo ndamuuza kuti akafika pamene zinjoka zikusankha okwera ake andiuze ngati akuganizabe kuti mulibe nkhani. Akhoza kulibweza osalikonda, ndipo umenewo ndi ufulu wake. Koma adzakhala atawerenga asanaweruze, ndipo ine ndidzakhala nditanena zoona.